Madzi Opanda Mwini

Mutu 6

1. Mpunga watenga mimba

Chaka chimenecho mvula inachita chipongwe m'chigwa cha Bwanje. Mu Januwale inagwa ngati pali amene wailakwira, mpaka madzi anagumula ngalande yopita ku mapuloti a kumunsi kwa sikimu ya mpunga. Itamaliza kuwononga, inachoka osatsanzika. Kunagwa ng'amba, dzuwa likuswa mtengo tsiku ndi tsiku.

Puloti ya kwawo kwa Yankho inali yomalizira penipeni kumunsiko. Yankho anali mtsikana wa Folomu 3, wamtali, wosachedwa kugwira ntchito koma wochedwa kuyankhula. Bambo ake, a Cosmas, anali ku Joni kumene ankagwira ntchito m'minda ya mphesa. Mayi ake anali kuchidikiro ku Sharpevale, kuyembekezera mwana. Motero munda, azing'ono ake awiri ndi nkhuku zomwe, zonse zinatsala m'manja mwa Yankho. Kusukulu anali atayamba kumuiwala nkhope.

Alimi a mpunga amati mpunga watenga mimba pamene tsinde lafufuma, ngala ili m'kati isanatuluke. Nthawi imeneyi mpunga sufuna kusewera nawo pa nkhani ya madzi. Ukangouma, ngala imatuluka ndithu, yokongola bwino, koma m'kati mulibe kanthu. Mlimi amakolola mankhusu okhaokha.

Mpunga wa a Cosmas unali utatenga mimba. Yankho atafika kumunda m'mawa wina, anapeza nthaka itang'aluka ming'alu yoti dzanja lake limalowa. Masamba anali atapiringizika ngati ndudu za chingambwe. Anakhala pamzere n'kuyang'ana, mantha atamugwira. Banja lonse linkadalira mpunga umenewo: chakudya cha chaka, sukulu yake, ngakhale nsalu za mwana amene anali asanabadwe.

2. Chenjezo la a Hilary

Masana a tsiku lomwelo alimi a kumunsi anasonkhana pamalo pamene ngalande inagumuka. Anali atayesapo kutseka ndi matumba a mchenga, koma simenti ya pansi inali itapita yonse, ndipo madzi ankakokolola matumbawo anthu asanafike n'kunyumba komwe. Ntchitoyo inkafuna katapila wa boma, chigalimoto chokumba ndi kukankha dothi.

Katapilayu anali wodziwika bwino m'chigwamo ngakhale panalibe anamuonapo. Chiyambire Januwale, ankamveka kuti ali panjira. Sabata ina ankati wasowa mafuta, sabata ina ankati akumalizitsa ntchito kwina. Ana anafika pomapatsana dzina lake: mwana wochedwa kubwera kotumidwa ankamuti katapila.

Wapampando wa komiti ya madzi anali a Hilary, mkulu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata. Ankayendabe ndi majombo a kumgodi ngakhale kutenthe chotani. Iwo anauza anthu kuti alankhula ndi alangizi, ndipo katapila afika posachedwa. Anthu anang'ung'udza. Wina anatchula za injini yopopa madzi ya mayi wina wamalonda, ndipo a Hilary anaimirira.

“Ana anga, ndimvereni,” anatero. “Ine dambo lino ndinaliona lisanakhale sikimu. Wamphamvu ndiye ankalima pafupi ndi mtsinje. Wamasiye ankalima kumtunda, n'kumadikira mitambo. Boma litabwera linayeza ndi chingwe. Wamasiye puloti yake, mwana wa mfumu puloti yake, zofanana. Madzi aliyense tsiku lake. Boma ndi lochedwa, sindikukana. Koma likafika silikufunsa kuti m'thumba mwako muli chiyani.

“Wamalonda ndi wachangu, inde. Mukamuitana m'mawa, masana wafika. Koma mukalola injini imodzi kulowa muno, chaka chamawa zidzakhala zambiri. Amene ali ndi kanthu adzakhala ndi madzi awoawo. Ndiye ndikufunseni, ndani adzapitenso kukagogoda kuboma kuti ngalande yagumuka? Amene mawu awo amamveka adzakhala atakhuta. Ngalandeyi idzamera udzu, ndipo wosauka adzagula madzi amene lero akulandira ulere. Akadzalephera kugula, adzagulitsa puloti. N'chifukwa chake tinapangana tonse kuti wolowetsa injini m'sikimu muno alandidwe puloti. Lamulo limeneli si la boma ayi, ndi lathu.”

Yankho, amene sankayankhula pamisonkhano, anapezeka atakweza dzanja.

“Agogo, nanga mpunga ukauma katapila asanafike, boma lidzatipatsa wina?”

A Hilary anatembenukira kwa iye. Puloti yawo nayonso inali kumunsi komweko, ndipo inali youma chimodzimodzi. Anthu onse ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake panalibe anawanyoza.

“Silidzatipatsa, mwana wa a Cosmas,” anayankha. “Ngati kuli kuuma, tiumire limodzi.”

Mawuwo anali abwino kuwamva, koma Yankho sanaone chimene akanawaphikira azing'ono ake.

3. Mapazi opanda matope

M'mawa mwake Yankho anapalasa njinga kupita ku Sharpevale. M'njira monse ankakonza bodza loti akawauze mayi ake kuti kumunda kuli bwino, poti anamwino anali atanena kuti mayiwo asamade nkhawa.

Anawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa chidikiro, miyendo itatupa. Bodza lija silinagwire ntchito. Mayi ake sanamuyang'ane kumaso, anamuyang'ana kumapazi.

“Mlimi wa mpunga mwezi uno mapazi ake oyera chonchi? Munda wauma eti?”

Yankho anavomera, n'kufotokoza zonse: za katapila, za injini, za lamulo la komiti. Mayi ake anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anamugwira dzanja.

“Mwana wanga, puloti imene ija inapatsidwa kwa amayi anga pamene sikimu inkayamba. Anandisiyira ine, ine ndidzakusiyira iwe. Mwamuna atha kupita ku Joni osabwerako, koma puloti sichoka. Usachite chilichonse choti atilande. Ukamva wina akukunyengerera, ukumbuke kuti iyeyo ali ndi kwawo kobwerera, iwe ulibe.”

Anapuma pang'ono, akusisita mimba yawo.

“Komanso mpunga uja usafe. Ukafa, sindikudziwa kuti mwana uyu ndidzamufikitsira pati. M'nyumba muja mulibe china.”

Yankho anadikira kuti mwina anena chimene achite pa ziwirizo, koma mayi ake anali atamaliza. Anayesa kuwaimbira bambo ake pafoni ya mayiwo. A Cosmas anayankha ali pakati pa ntchito, mphepo ikusokosa. Anamuuza kuti malipiro sanatuluke, ndipo achite zimene anena amayi ake. Foni inaduka. Yankho anatuluka pachipata atagwira njakata.

4. A Nomsa

Pamsika wa Sharpevale panaima lole yaing'ono ikutsitsa mbatatesi ndi kabichi. Mwini wake anali a Nomsa, mayi wa ku Lizulu, wonenepa, wa mawu aakulu ndi kuseka kosavuta. Ankabweretsa za kumtunda n'kubwerera ndi mpunga wa kuchigwa. Injini imene inatchulidwa pamsonkhano ija inali yawo.

Yankho sanafune kuima. Koma njinga yake inachedwa yokha pafupi ndi loleyo, ndipo a Nomsa, amene ankadziwa mlimi aliyense ndi puloti yake, anamuitana. Anamupatsa nthochi, n'kumufunsa za mayi ake. Za kumunda sanafunse, ankazidziwa kale.

“Ndamva zimene ananena a Hilary,” anatero. “Ndi munthu wabwino, sindingawanyoze. Koma tamvera, mwana wanga. Ine si boma. Sindilonjeza, sindiitanitsa msonkhano. Injini ija ndinagula ndi thukuta langa, ndipo ikakhala osagwira ntchito, woluza ndine. N'chifukwa chake ndimafika msanga. Woyendetsa katapila, mpunga wako ukauma, malipiro ake alandira ndithu mwezi ukatha. Ine mpunga wako ukauma, ndilibe chogula. Ndiye pakati pa ine ndi iyeyo, amene akuufunira moyo mpunga wako ndani?

“Anthu amati ife amalonda ndife akuba. Chabwino. Koma mchere umene uli kwanu anabweretsa ndani? Sopo? Mankhwala a mutu? Mukanadikira kuti boma likubweretsereni, bwenzi mukusamba phulusa. Ine ndimapindula, sindibisa. Koma iwenso umapindula, ndipo umapindula lero, osati tsiku limene katapila adzapeze mafuta.”

Yankho anawakumbutsa za lamulo. A Nomsa anaseka. Anati lamulo likuletsa injini kulowa m'sikimu, ndipo yawo silowa. Puloti ya a Cosmas inachita malire ndi ngalande yotayira, imene imatenga madzi otsala m'mapuloti a kumtunda n'kukawataya kudambo. Injini ikaima kutsidya kwa ngalandeyo, kunja kwa sikimu. Chodutsa malire ndi payipi yokha.

“Amene aja ndi madzi otaya, alibe mwini,” anatero. “Funsa alangizi, funsa a Hilary omwewo. Sitikuba tsiku la munthu.”

Malipiro ake anali akuti pokolola a Nomsa adzatenge gawo lawo la mpunga, ndipo wotsalawo, ngati banja lifuna kugulitsa, ligulitse kwa iwo okha. Yankho atafunsa za mtengo, anamuyankha kuti mtengo umaoneka pokolola. Yankho sanali mwana woti n'kupusitsidwa. Anaona kuti pamenepo pali msampha, ndipo anadziwanso kuti a Hilary sadzasiyanitsa injini ndi payipi yake. Koma anakumbukira ming'alu ija.

“Mungabwere liti?” anafunsa.

“Mawa dzuwa lisanafike pamutu.”

Anagwirana chanza pamaso pa a Aleck, bambo amene ankayendetsa injiniyo. Yankho anakwera njinga osadya nthochi ija.

5. Injini ilira

A Nomsa sananame. Dzuwa lisanafike pamutu, a Aleck anafika ndi ngolo, injini ili m'mwemo. Anaiika kutsidya monga anapanganira. M'ngalande yotayira madzi ankayenda ochepa, ofika m'kakolo, moti payipi sikanatha kumwa. A Aleck anadzaza matumba ndi dothi n'kutseka ngalandeyo kuti madzi asonkhane. Posakhalitsa panakhala kadziwe.

Anakoka chingwe, injini inatsokomola, kenaka inalira. Payipi inagwedezeka ngati yamoyo, madzi n'kutulukira m'puloti ya a Cosmas.

Yankho analowa m'munda n'kuima pomwe madzi ankagwera. Nthaka inkamwa mochita kumveka. Fungo la dothi lonyowa linakwera, ndipo matope anamulowa pakati pa zala za kumapazi. Anasangalala, tisabise. Anaseka yekha, misozi ikutsika, ndipo kwa kanthawi anaiwala komiti, anaiwala ndi mtengo wooneka pokolola uja.

Kulira kwa injini sikubisika. Alimi a mapuloti oyandikana anayamba kubwera n'kuima pamizere. Ena ankapukusa mitu, ena ankalavula malovu. Koma analipo ena amene anazungulira mwakachetechete kukafunsa a Aleck kuti injiniyo ikhala yomasuka liti. Bambo wina anakwera njinga n'kulunjika kumudzi kwa a Hilary, akupalasa ngati wakuba nkhuku.

A Aleck anamuuza Yankho kuti madzi oyambawa akungothera m'ming'alu. Kuti mpunga upulumuke, injini inayenera kulira mpaka madzulo, ndi mawa lomwe. Anamuchenjezanso kuti ikazimitsidwa pakati, pangano silisintha. Gawo la a Nomsa lidzatuluka ndithu, kaya m'munda mwatuluka mpunga kaya mankhusu, poti mafuta apsa kale.

Yankho anangogwedeza mutu. Sankaona chimene chingamuchititse kuzimitsa.

6. Wochokera kumunsi

Dzuwa litapendeka, Yankho anaona munthu akubwera m'ngalande yotayira, kuchokera kudambo. Sankayenda m'mbali, ankayenda m'kati mwenimweni, khasu lili paphewa, akuyang'ana pansi ngati wataya kanthu. Atayandikira, Yankho anamuzindikira. Anali Ulemu, mnzake amene ankakhala naye desiki limodzi kusukulu.

Kwawo kwa Ulemu analibe puloti. Pamene boma linkagawa malo m'sikimu, agogo ake anali adakali ku mafamu a ku Zimbabwe, ndipo atabwerera anapeza chingwe chitadutsa kale. Yankho ankadziwa kuti mnzakeyo amalima kudambo, pamodzi ndi mabanja ena otsalira. Koma sanadzifunsepo kuti madzi a kudamboko amachokera kuti. M'sikimu monse panalibe ankadzifunsa. Madzi akadutsa puloti yomaliza, kwa iwo nkhani inkathera pomwepo.

Ulemu atamuona Yankho, nkhope yake inamasuka.

“Bola ndapeza iwe. Madzi asiya kufika kwathu kuyambira masana. Amayi akuti mwina mtengo wagwera m'ngalande. Tiye undithandize kuchotsa, mpunga wathu watenga mimba.”

Ulemu anayenda pang'ono n'kufika pa matumba aja. Anaima. Anayang'ana kadziwe, anayang'ana injini. Kenaka maso ake anatsata payipi, kudutsa mzere wa malire, mpaka pamene Yankho anaima, matope ali m'miyendo.

“Ndi yako?”

“Anandiuza kuti ndi madzi otaya,” anatero Yankho. Mawu ake anatuluka aang'ono. “Anati alibe mwini.”

“Otaya kwa inu a m'sikimu. Ife ndi omwewa timadya.”

Ulemu sanakalipe. Anafotokoza ngati akuwerenga m'kalasi, kuti kudambo kuli mabanja amene sakhala nawo pamisonkhano ya komiti chifukwa alibe puloti, ndipo katapila akadzabwera sadzafikako chifukwa pamapu a boma kumeneko kulibe munda. Anatinso a Nomsa sanapiteko n'komwe ndi injini yawo, poti minda ya kudambo ndi ing'onoing'ono, gawo lake silingalipire mafuta. Chawo chinali madzi okhawo, amene ena onse ankawaona ngati otha ntchito.

Yankho anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anafuna kunena za mayi ake, za mwana wosabadwa, za azing'ono ake. Koma Ulemu nayenso anali ndi mayi ndi azing'ono, ndipo Yankho ankawadziwa mayina.

A Aleck anaimirira pangolo n'kunena kuti aliyense wokhudza matumbawo akayankha kwa a Nomsa. Nthawi yomweyo belu la njinga linamveka. Pamzere waukulu wa sikimu, a Hilary ankabwera ndi anthu a komiti, majombo aja akuonekera patali. Sankafulumira.

Yankho anatembenuka kuyang'ana munda. Madzi anali atafika pakati pa puloti. Mbali yonyowayo masamba anali atayamba kutambasuka, obiriwira ngati kale. Mbali inayo inali idakali yopiringizika, ikudikira.

Ulemu anatsitsa khasu paphewa. Sanagumule matumba. Anakwera pamzere, anawoloka malire, n'kuika mpini m'manja mwa Yankho.

“Ine sindigumula madzi a mnzanga,” anatero. “Ugumule wekha, kapena undiuze ndipite ndikawauze amayi kuti ndi iwe.”